Kayezedwe ka mmene khoma ndi denga zimatchingira kutentha m'nyumba

Seputembala akangotha, foni yanga imayamba kulira ndi funso limodzimodzi. "Amisiri, m'nyumba simukugoneka. Manje tichite bwanji, tiike siling'i, tisinthe malata, kapena vuto ndi njerwa zimene tinaumba?" Wina akuimba ali ku Kapata, wina ku Magazine kuno ku Chipata, wina ku Mambwe kumene mu Okutobala nkhuku zimangokhala yasa kukamwa pamthunzi. Ndikafunsa ngati ayeza, amati, "Ndagwira khoma ndi dzanja, likuotcha juu."

Dzanja limanama. M'mawa wa mu Juni gwirani chitseko chathabwa, kenaka gwirani chotsegulira chake chachitsulo. Chitsulo chimveka chozizira zii, chikhalirecho zonse ziwiri zagona m'chipinda chimodzi ndipo madigiri ake ndi ofanana. Khungu limamva liwiro limene kutentha kukutuluka kapena kulowa m'thupi, silimva madigiri. Zimenezi ndazifotokoza pafoni mpaka mayunitsi kutha nkhani ili pakati, ndiye ndaona kuti ndilembe kamodzi.

Muyambe mwadziwa manambala awiri. Nambala ya R imanena mphamvu ya khoma kapena denga potchinga kutentha: ikakhala yaikulu, ndiye kuti likutchinga bwino. Nambala ya U ndi mnzake wotembenuza, 1 kugawa ndi R, ndipo imanena mawati amene akudutsa pa sikweya mita imodzi pa digiri iliyonse imene mkati mwasiyana ndi kunja. Khoma la U 2, kunja kukazizira madigiri 10 kuposa mkati, likutulutsa mawati 20 pa sikweya mita iliyonse. Basi, masamu ake sapitirira pamenepa.

1. Werengetsani papepala musanagule chida chilichonse

Chomangira chilichonse chili ndi nambala yake yosonyeza mmene chimadutsitsira kutentha. Njerwa yootcha ndi pafupifupi 0.8, ndipo pulasitala wa simenti sali patali ndi pamenepo. Konkire yolimba ili cha m'ma 1.5, thabwa 0.13, udzu wofolera cha m'ma 0.09, ubweya wagalasi umene amayala pamwamba pa siling'i 0.04, pamene chitsulo ndi 50. Tengani makulidwe a chinthucho m'mamita, gawani ndi nambala yake, mwapeza R.

Khoma la njerwa la mainchesi 9, lija amati dabulo, ndi mamita 0.23. Kugawa ndi 0.8 kukupatsa 0.29. Pulasitala wa mbali zonse ziwiri awonjezera 0.04. Kenaka pali kampweya kamene kamamatirira pankhope ya khoma, nako kamatchinga pang'ono: muyezo wa ISO 6946 umakapatsa 0.13 mkati ndi 0.04 kunja. Zonse pamodzi ndi 0.50, ndiye U ndi 2. Khoma la njerwa imodzi yogoneka m'litali, la mainchesi 4 ndi theka, limathera pa 0.35. Mabuloko a simenti, ngakhale ali ndi mphako, nthawi zambiri amatsalira kwa khoma la dabulo, chifukwa kutentha kumadzera m'nthiti za konkire zija.

Tsopano malata. Lata la mamilimita 0.3 kugawa ndi 50 limapereka 0.000006, kutanthauza kuti palibe chimene likutchinga. Ndamvapo ogulitsa ena akunyengerera munthu kuti agule geji yokhuthala "kuti m'nyumba muzizizira". Geji yokhuthala imalimba kumphepo ndi kudzimbiri, ndipo ndi ndalama yolowa pabwino, koma pa za kutentha siisintha kanthu. Udzu wokhuthala masentimita 20 umapereka R woposa 2. N'chifukwa chake nyumba ya agogo ku Chadiza imagoneka masana a mu Okutobala, pamene ya malata atsopano m'tauni imathamangitsa mwini wake kukakhala pansi pa mtengo wa mango.

Pepalali likuuzani zoyembekezera. Kuyeza n'kofuna kuona ngati nyumba yanu yeniyeniyo, ndi njerwa zake zosapsa bwino ndi dothi la pakati pake, ikugwirizana nalo.

2. Sonkhanitsani zida

Chachikulu ndi themometa yoloza patali, ija anthu amaitcha kamfuti. Samalani apa. Timfuti tija tinkatiloza pachipumi pazipata za matchalitchi ndi masitolo nthawi ya Covid tinapangidwira thupi la munthu, timangowerenga kuyambira cha pa madigiri 32 kufika cha pa 43, kupyola apo timalemba "Lo" kapena "Hi". Tina tili ndi batani losinthira kuti tiyeze zinthu, yang'anani kaye musanataye ndalama. Ngati kanu kalibe, funsani m'mahadiweya a ku Down Shops kamene amagwiritsa ntchito amakanika ndi okonza mafiriji, kosonyeza nambala ya pambuyo pa kadontho, monga 21.4.

Zina ndi tepi yakuda ya magetsi, zidutswa ziwiri za katoni zazikulu ngati chikhatho, ulusi, kope ndi cholembera. Poyeza khoma mudzafunanso hita ya magetsi.

Musanayambe, kayeseni kamfutiko. Dzazani kapu ndi ayisi wophwanya, thiranimo madzi pang'ono, takasani, lozani pamadzipo muli pafupi. Kayenera kuonetsa pafupi ndi 0. Madzi owira musayesere: nthunzi imakasokoneza, komanso kuno ku Chipata tili pamtunda wopitirira mamita 1,000, madzi amawira cha pa madigiri 96, osati 100, ndiye mungakanamizire kuti n'kowonongeka.

3. Matani tepi paliponse pamene muti muyeze

Tsiku loyamba kugwira kamfuti ndinachita manyazi. Ndinakwera pamakwerero m'nyumba ya malata atsopano onyezimira, dzuwa lili paliwombo, n'kuloza kunsi kwa lata. Kanaonetsa madigiri 36. Ndinatembenukira mwini nyumba n'kunena kuti, "Bambo, denga lanu lilibe mlandu," uku ndikutsamiritsa mkono palatapo. Ndinatsika makwererowo osawerenga masitepe.

Kamfuti sikakhudza chinthu, kamawerenga cheza cha kutentha chimene chinthucho chikutulutsa. Chitsulo chonyezimira chimatulutsa cheza chochepa ndipo chimakhala ngati kalilole, ndiye kamfuti kamawerenga kutentha kwa pansi ndi makoma kumene kukuonekera m'latamo. Mankhwala ake ndi tepi yakuda. Matani timizere titatu togundizana, dikirani mphindi khumi kuti tepi ifanane ndi chitsulo, lozani pa tepipo. Chitani chimodzimodzi pakhoma, pasiling'i ndi pamakatoni aja, kuti paliponse kamfuti kaziona chinthu chamtundu umodzi.

Kadontho kofiira kamangokulozerani pakati. Malo amene kamfuti kakuwerenga ndi bwalo limene limakula mukamatalikira. Yandikirani, pasapitirire kutalika kwa chikhatho.

Nanga makatoni ndi a chiyani? Kamfuti sikayeza mpweya. Mukapachika katoni ndi ulusi pakati pa chipinda, imatenga madigiri a m'chipindamo, inu n'kumayeza katoniyo. Ubwino wake ndi wakuti chida chimodzi ndicho chikuyeza zonse. Kakamawonjezera digiri imodzi, kakuwonjezera ponseponse, ndipo pochotsera nambala ina ku inzake bodzalo limafafanizika. Mukasakaniza kamfuti ndi themometa ya pakhoma kapena madigiri a pafoni, mwadzisokoneza nokha.

4. Yambani ndi denga, masana a mu Seputembala kapena Okutobala

Denga ndilo losavuta, chifukwa lata silisunga kutentha: mtambo ukangodutsa limazizira, ukachoka limapsanso. Chakumapeto kwa Okutobala dzuwa la masana limadutsa pamutu penipeni kuno ku Chipata, ndiye mphamvu yake yonse imagwera padenga, makoma n'kumangolandira zapambali.

Sankhani tsiku lopanda mitambo, pakati pa 12:00 ndi 14:00. Tsekani mawindo, zimitsani fani, pachikani katoni pamlingo wa mutu wa munthu. Yezani kunsi kwa denga kumene mukukuona mukayang'ana kumwamba, kaya ndi lata kaya siling'i, kenaka yezani katoni. Chotserani, chulukitsani ndi 6. Yankho ndi mawati amene akutsikira m'chipinda pa sikweya mita iliyonse.

Tiyerekeze lata lakale lili pa 58, katoni pa 34. Kusiyana ndi 24, kuchulukitsa ndi 6 ndi mawati 144. Chipinda cha mamita 3 kwa 4 ndiye kuti chikulandira mawati oposa 1,700, ngati mwayatsa hita yaikulu mu Okutobala. Chipinda choyandikana nacho chili ndi siling'i ya pa 38, katoni pa 32: mawati 36 pa sikweya mita, pafupifupi 430 chipinda chonse. Mukaona manambala otere simufunsanso kumene ndalama iyenera kuyambira. Lata likakhala latsopano, lonyezimira kunsi, 6 uja amakokomeza, popeza chitsulo chowala sichitulutsa cheza chambiri.

Poyerekeza zipinda kapena nyumba ziwiri, yezani tsiku limodzi, ola limodzi. Ndi mmene mungaonere ndi maso anu kusiyana kwa malata opaka utoto woyera ndi ofiirira kapena akuda, kapena zimene mphasa za bango zokhomedwa kunsi kwa phaso zimachita. Padenga penipeni musakwerepo, zonse zimayezeka muli mkati. M'siling'i muli mawaya, musapisemo dzanja mwachisawawa. Ngati denga ndi la asibesitosi, ngati la nyumba zina zakale, musaboole kapena kupala, fumbi lake limawononga mapapo.

5. Khoma: dikirani chisanu, sankhani la kumwera

Apa ambiri amakhumudwa, chifukwa amafuna yankho mwezi umene akuvutikawo. Koma kuti R wa khoma ayezeke pamafunika kuti mkati ndi kunja musiyane madigiri 10 kapena kuposa, kwa masiku. Mu Okutobala kusiyanaku kumakhala kochepa, ndipo kumatembenuka masana ndi usiku. Nyengo yake ndi Juni ndi Julaye. Miyezi imeneyi dzuwa limadzera chakumpoto, limatuluka kumpoto chakum'mawa n'kukalowa kumpoto chakumadzulo, ndiye khoma loyang'ana kumwera siliwombedwa ndi dzuwa tsiku lonse. Limenelo ndilo lanu.

Sankhani chipinda chaching'ono chokhala ndi khoma limeneli. Matani tepi mkati, pamlingo wa pachifuwa, kutali ndi ngodya, windo ndi lintala ndi theka la mita kapena kuposa. Chotsani kabati kapena bedi limene latsamira pamenepo. Katoni imodzi ilendewere m'chipinda mita imodzi kuchoka pakhoma. Inayo ikhale panja mbali yomweyo, pansi pa mlembwe wa denga kapena pakhonde, osati pamtetete, chifukwa usiku wopanda mitambo katoni yoyang'ana kuthambo imazizira kuposa mpweya.

Yatsani hita, tsekani chitseko. Hita isayang'ane khoma limene mukuyezalo kapena katoni, ndipo italikirane ndi makatani ndi zofunda. Fani isayatsidwe.

Mbaula ayi. Ndikubwereza, mbaula ayi, ngakhale magetsi atathima. Makala oyaka m'chipinda chotseka amatulutsa mpweya wa poizoni wopanda fungo ngakhale utsi, munthu amangomva mutu ndi tulo, osadzukanso. Palibe nambala ya khoma imene ingalipire maliro.

6. Masiku atatu, usiku womwe

Gawo ili ndi limene ofotokoza ambiri amalidumpha. Amakuuzani kuti yezani mkati, yezani khoma, yezani kunja, werengetsani, mwatha. Mukatero mupeza nambala yooneka bwino koma yabodza.

Khoma la njerwa lili ngati mtsuko, limayamba lamwa lisanapatsire. Kuzizira kwa mbandakucha kumalowa m'njerwa pang'onopang'ono, ndipo pakhoma la dabulo kumatenga maola asanu ndi limodzi mpaka asanu ndi atatu kuti kufike kunkhope yamkati. Ndiye mukayeza 06:00, kunja kwazizira koma khoma likadali ndi nkhani za dzulo madzulo. Mukayeza 14:00, kunja kwafunda koma mkati ndi pamene kuzizira kwa m'mawa kwangofika. Madigiri a pakhoma ndi a panja amene mwalemba pamzere umodzi si a nthawi imodzi.

Onani mmene zimanamizira. Pa 06:00 katoni yamkati yaposa khoma ndi madigiri 2.4, yaposa yakunja ndi 15. Masamu a m'gawo 7 akupatsani R wa 0.81, inu n'kumayamikira amene anakuumbirani njerwa. Pa 14:00 tsiku lomwelo kusiyana ndi khoma ndi 2.8, ndi kunja 4 yokha. R watsika kufika 0.19, mwayamba kuwatukwana. Khoma ndi lomwelo.

Akatswiri amamata pakhoma kambale koyeza kutentha kodutsa, ndipo muyezo wawo wa ISO 9869 salola kuyeza kochepera maola 72. Ife tilibe kambaleko, koma maolawo sitingawazembe. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tsiku loyamba hita iyake osalemba kanthu, khoma likhute kaye. Masiku atatu otsatira yezani maola anayi alionse: 06:00, 10:00, 14:00, 18:00, 22:00 ndi 02:00. Inde, 02:00. Tcherani alamu, kapena gawanani ndi mwana wa sekondale amene akuwerengera mayeso usiku, akhoza kuphunzirapo sayansi yeniyeni. Mukasiya za usiku, mwataya maola amene kunja kumazizira kwambiri, ndipo chiwerengero chonse chipendekera mbali imodzi.

Nthawi iliyonse lowani msanga n'kutseka chitseko. Lozani katatu pamalo alionse, lembani nambala yapakati. Yambani ndi zamkati, kenaka tulukani mukayeze katoni yakunja mwachangu. Kamfuti kamasokonezeka kakachoka pofunda kupita pozizira n'kukhalitsa, ndiye kazisungidwa m'chipinda chomwecho, osati m'thumba la buluku kapena kukhitchini. Musaime nthawi yaitali pafupi ndi tepi, thupi lanu nalo ndi hita.

M'kope jambulani mizere iwiri. Mzere A ndi katoni yamkati kuchotsera khoma. Mzere B ndi katoni yamkati kuchotsera katoni yakunja. Pambali lembani zachilendo: kunachita mphepo, mwana anasiya chitseko chotsegula, magetsi anathima. Akathima ola limodzi, pitirizani. Akathima theka la tsiku, khoma layamba kubweza kutentha m'chipinda, mzere A usokonekera, ndiye akabwera lipatseni tsiku lokhuta n'kuyambiranso kuwerenga. Ine zinandichitikira kawiri motsatizana, mayi a kunyumba mpaka anafunsa ngati chipindacho ndikufungatiramo mazira.

Mudziwiretu mtengo wake. Hita ya mawati 1,000 imadya yuniti imodzi pa ola, masiku anayi ndi mayunitsi 96. Ngati nyumba ndi ya njerwa wamba ndipo mukungofuna kudziwa poyambira, pepala la gawo loyamba ndi kuyeza denga zikukwanirani. Kuyeza khoma n'kwa amene akufuna kumanga nyumba zingapo, kapena akusankha pakati pa njerwa zootcha, zidina ndi mabuloko, ndipo ali ndi nyumba za abale zoti ayerekezere.

7. Phatikizani

Phatikizani manambala onse 18 a mzere A, muchitenso chimodzimodzi ndi a mzere B. Gawani B ndi A, chulukitsani ndi 0.13 ya kampweya ka mkati kaja. Tinene kuti A wakwana 47, B wakwana 180. Kugawa kukupatsa 3.83, kuchulukitsa ndi 0.13 ndi 0.50. R ndi 0.50, U ndi 2, zogwirizana ndi khoma la dabulo la papepala lija.

Kuti mudziwe ngati mwayeza mokwanira, werengetsani ndi masiku awiri oyamba okha, muone ngati yankho likuyandikana ndi la masiku atatu. Likatalikirana, onjezerani tsiku. Ndipo musalimbane ndi manambala ang'onoang'ono: pa njira imeneyi 0.45 ndi 0.55 ndi khoma limodzi. Chimene ingakuuzeni mosakayika ndi kusiyana kwa 0.3 ndi 0.5.

R akatsika kwambiri kuyerekeza ndi papepala, ganizirani chinyezi. Khoma lonyowa limadutsitsa kutentha msanga, kaya ndi la nyumba yongopakidwa pulasitala kumene, kaya likukoka madzi kuchokera pansi chifukwa pafawundeshoni sanaike pulasitiki. Muli pomwepo, yendetsani kamfuti pakhoma lonse m'mawa umodzi. Palintala ndi pabimu ya konkire yozungulira nyumba mupeza pozizira kuposa panjerwa.

8. Khoma la kumadzulo, Okutobala akabweranso

R yekha safotokoza chimene chimakusowetsani tulo. Khoma la kumadzulo limawombedwa ndi dzuwa kuyambira masana mpaka kulowa, ndipo kuchedwa kuja kumabweretsa kutenthako m'chipinda nthawi yogona. Matani tepi kunja ndi mkati, malo oyang'anizana, muziyeza ola lililonse kuyambira 14:00 mpaka pakati pa usiku. Lembani ola limene kunja kwafika pachimake ndi ola limene mkati mwafika pachimake. Khoma lopyapyala limatentha msanga ndi kwambiri, koma limazizira msanga. La dabulo silitentha kwambiri mkati, koma limakhala likufunda anthu atazimitsa kale nyale.

Pakhoma limeneli yesani chinthu chotchipa musanaitane mmisiri. Imikani mphasa kunja, motalikira ndi khoma ngati chikhatho kuti mphepo izidutsa, itchinge theka la khoma, theka linalo likhale padzuwa. Kapena pakani laimu mbee mbali imodzi yokha. Poyesa laimu tepi yakunja ichotseni, chifukwa yakudayo imamwa dzuwa payokha. Muyeze mkati mokha, malo awiri otalikirana mita imodzi kapena kuposa, cha m'ma 21:00 masiku awiri otsatizana. Tepi yamkati musaimatule mukatha. Mukadzaika siling'i, kukulitsa khonde kapena mtengo umene mwabzala ukadzakula, mudzaloza pamalo omwewo ndi kamfuti komweko, kope lakale lili m'manja.